Chimbale Chimene Anakachisambitsa ku Lusaka

Ku msika wa Nyimba, kuseli kwa mzele wa amai ogulitsa nthochi, kuli kantemba ka matabwa kopakidwa penti wobiliwila. Mmenemo ndi mmene Ennie Njobvu amalukila anthu tsitsi. Aliyense amene anakhalapo pa mpando wake amadziwa kuti nsonga za zala zake n'zolimba ngati chikumba chouma, ndipo alendo amaganiza kuti ndi tsitsi linazilimbitsa chotelo. Si tsitsi ayi. Ndi nsambo za gitala ya besi, ija ya mawu onenepa, imene akazi ambili kuno saiyandikila n'komwe.

Ennie anabadwila ku Ukwimi, ku msasa wa anthu othawa kwawo. Makolo ake anathawa nkhondo ku Tete, ndipo nkhondo itatha, anzawo akukwela malole kubwelela kwawo, atate ake a Stanislaus anati iwo atopa nako kusamuka. Anapeza munda cha ku Minga nakhazikika komweko. Chuma chawo chachikulu chinali babatoni, chigitala chopanga okha ndi mgolo wodula pakati, chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali ndi nsambo za waya wa m'matayala. Woimba amachikhalila pamwamba ngati wakwela bulu. A Stanislaus akachikoka nsambo, nkhuku zinkathawa pabwalo, ndipo Ennie ali kamwana ankaika khutu pa mgolowo kuti amve mmene ukunjenjemelela. Iwo akapita kumunda, iye ankakwelapo. Amai ake ankakalipa kuti mwana wamkazi sakhala chotangadza pa mgolo, koma a Stanislaus ankangoti, "Mlekeni, khutu ali nalo."

Besi ya magetsi anaigwila koyamba ali pasukulu, m'kwaya ya achinyamata, tsiku limene mnyamata woiimba anadwala malungo. Mnyamatayo atachila anapeza malo ake atapita. Kenaka moyo unayenda monga umayendela. Ennie anakwatiwa, ukwati unatha, anasamukila ku Nyimba nayamba kuluka tsitsi, ndipo kwa nthawi yaitali nyimbo zake zinali za m'tchalitchi basi.

Amene anamutulutsa m'menemo anali Josphat, wowotchelela zitsulo pafupi ndi siteshoni ya basi. Josphat anali munthu wosalankhulalankhula, koma chilichonse chimene chili pafupi naye ankachiimba ngati ng'oma, kaya ndi chitseko, kaya ndi tanki ya madzi. Ng'oma zake za bandi anazipanga theka yekha, ndipo mbale imodzi yachitsulo yogogoda inali yodula ku khasu la pulawo. Iyeyu anali ndi mnzake, Teddy, wogulitsa mbewu ndi mankhwala a thonje m'shopu ya munthu wina. Teddy anasiyilidwa gitala ndi amalume ake amene anagwilapo nchito ku migodi ku Kitwe, ndipo pamodzi ndi gitalayo anatengelanso chikondi cha nyimbo za loko, zija za magitala okalipa, zimene ankaimba kumeneko kalekale. Sipika ya ampulifaya yake inali yong'ambika, mwakuti gitala inkatuluka ikukalipa ngati macheka akudula mtengo wauwisi. Teddy sanafune kuikonza. Ankati ndi pomwe pali kukoma.

Atatuwa ankakumana Lamlungu masana m'shedi ya Josphat, pakati pa mafelemu a mawindo. Bandi anaitcha Mabuleki Atha, chifukwa Josphat akayamba nyimbo pang'onopang'ono ankaimaliza ikuthamanga ngati lole yotsika mapili a Kacholola. Anthu oimba za kiyibodi ankawaseka kuti nyimbo zotelezi zinafa kale. Iwo sanalabadile.

Chimbale anakachijambulila ku Ndake, m'shedi yosungila thonje imene inali yopanda kanthu malonda atatha. Mphunzitsi wina wa kumeneko anali ndi laputopu ndi maikolofoni awili, ndipo anavomela kuwathandiza chifukwa chongokonda. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anaimba onse pamodzi nthawi imodzi, thukuta lili chuchuchu, ndipo wina akalakwitsa ankangoyambilanso. Ennie anatumiza uthenga ku Minga kuti atate ake abwele ndi babatoni, ndipo anabweladi, chigitalacho chitamangidwa pamwamba pa minibasi ngati mtembo wa ng'ombe.

Amene sanachimve chimbale chimenecho sangamvetse chimene Ennie amakwiyila, ndiye tinene mmene chinkamvekela. Chisanayambe kalikonse munkamveka kaphokoso ka ampulifaya, zzzz, ngati njuchi yatsekeledwa m'botolo. Kenaka Josphat ankagogoda timitengo take, gitala n'kugwa ngati malata akugwa pa denga. Mawu a Teddy sanali osalala. Akafika pamwamba ankasweka pang'ono, ngati munthu woitana mnzake ali tsidya lina la dambo. Pansi pa zonsezo pankayenda besi ya Ennie, yosafulumila, yotsalila pang'ono m'mbuyo mwa ng'oma ngati ikuzikoka malaya kuti zisathawe, ndipo ndi kukokanakokana kumeneko kumene kunkagwedeza munthu m'chiuno asanaganize zovina. Denga la shediyo linkalila ndi kutentha, thetheleee, ndipo m'nyimbo ina munalowa mbuzi imene inalila pakhomo pa nthawi yake yeniyeni. Anaisiya momwemo.

Nyimbo yotsiliza inali ya Ennie. Inkanena za mai amene amalankhula Chinsenga kumsika, Chinyanja kuchipatala, koma akamapemphelela ana ake amene anatsala m'njila pothawa nkhondo, amapemphela m'Chipwitikizi. Pakati pa nyimboyo onse ankaleka, n'kutsala babatoni yokha. A Stanislaus anaikoka pang'onopang'ono, waya ukulila mokhetemula, ndipo atamaliza anapuma mpweya waukulu umene maikolofoni anaugwila. Josphat, munthu wosalila pamalilo, anatuluka panja kukayang'ana mitengo.

Chimbalecho sanachitengele ku wailesi iliyonse. Chinayenda chokha, kuchoka pa foni kupita pa foni, kuchoka pa fulashi kupita pa fulashi. Oyendetsa minibasi za pakati pa Nyimba ndi Petauke ndiwo anachikonda koyamba, chifukwa ankati besiyo imamveka ngakhale injini ikulila pa chitunda. Ometa tsitsi anatsatila. Ku Kacholola amai ogulitsa m'mbali mwa msewu ankaimba kolasi ya nyimbo ya mabuleki lole ikamadutsa. Mkulu wina wa ku Ndake anauza Ennie kuti akachimva amaona ngati bandiyo ili m'nyumba mwake momwemo, ndipo amafuna kuwapatsa madzi akumwa. Ennie anasunga mawu amenewo mumtima kuposa china chilichonse chimene anauzidwapo.

Mmodzi wa madalaivala aja anafika nacho ku Lusaka, ndipo kumeneko chinagwela m'makutu a munthu wina wotchedwa Kelly, mwini situdiyo. Kelly anaimbila foni Teddy namuitanila ku Lusaka. Anati nyimbo n'zabwino zedi, zikungofunika kuzisambitsa pang'ono kuti zilowe pa wailesi. Teddy anabwela ku shedi ya Josphat maso ali waliwali.

"Kusambitsa kwake n'kotani?" anafunsa Ennie.

"Kungochotsa fumbi, mlongo. Kukweza mawu apa, kutsitsa apo. Nyimbo zikhala zomwezi."

"Nanga bwanji waitana iwe wekha?"

"Akuti malo ogona ndi ochepa. Ine ndikungopita kukayang'anila."

Ennie anayang'ana Josphat, Josphat anayang'ana pansi, ndipo Teddy anakwela basi.

Anabwelako mvula itayamba, atavala jekete yachikopa ngakhale kunali kotentha. Anapeza Ennie ali pakati poluka mutu wa namwino wina dzina lake Natasha, theka lolukidwa theka lili nyankhalala. Anaika kasipika pa shelefu ya mafuta a tsitsi, nati, "Mvela zinthu, mlongo."

Kaphokoso ka njuchi kaja kunalibe. Nyimbo inangoyamba mwadzidzidzi, yoyela mbee ngati chipinda cha m'chipatala. Ng'oma sizinali za Josphat. Zinali za kompyuta, zogunda mofanana kuyambila poyamba mpaka pomaliza, osathamanga, osatopa. Gitala inali itakankhidwila kutali, yofatsa ngati galu wofulidwa. Mawu a Teddy anali oongoka bwino, opanda pothyoka, mwakuti Natasha anafunsa kuti akuimbayo ndani. Ndiye panabwela besi. Ennie anaima chilili, chipeso chili m'manja. Njila yake inali yomweyo, yake ija imene anaipeza yekha akuluka tsitsi ndi kung'ung'udza, phazi lililonse pamalo pake. Koma sichinali chala chake. Wina anaimvetsela, naikopela pa kiyibodi, naiongola kuti iziponda pamodzi ndi ng'oma ngati asilikali.

"Ndani akuimba besi?"

"A Kelly anaiimbanso. Akuti yako inkachedwa."

"Inkachedwa."

"Pang'ono chabe. Pa kompyuta zimaoneka, mlongo, pali timizele. Iwe unkagwela kuseli kwa mzele."

"Iwe Teddy, ndinkagwela kuseli kwa mzele dala! Si iwe unkati ndi pamene pamakoma? Si iwe unkatseka maso pamenepo?"

"Izo ndi za ku shedi. Wailesi ili ndi malamulo ake."

"Pita ku nyimbo yotsiliza."

Teddy anazengeleza, koma anapita. Mawu anali omwewo, a mai wopemphela m'Chipwitikizi. Itafika pakati, pamene onse ankaleka, sipanaleke kanthu. Panalowa timawu ta kiyibodi tonga mabelu a pa Khisimasi, ndi atsikana a ku Lusaka akuimba uuu, uuu. Babatoni kunalibe.

"Atate ali kuti?"

"A Kelly akuti chija chinkamveka ngati chitseko cha khola. Akuti anthu angaganize kuti sipika yawo yafa."

Natasha anakuwa kuti tsitsi likumupweteka, ndipo m'pamene Ennie anazindikila kuti walikulunga m'chibakela. Anapepesa, namasula dzanja. Anamufulatila Teddy napitiliza kuluka. Mtima unali kuwila mwakuti akanatsegula pakamwa, msika wonse ukanasonkhana.

Chimene chinamupweteka koposa chinachitika ku Minga. Teddy, mwa chisangalalo chake, anali atatumiza kale chimbale chatsopano pa mafoni a anthu, ndipo mwana wa mnansi anakachiseweletsa kwa a Stanislaus. Ennie atapita kukawaona anawapeza pakhonde akusoka thumba la chimanga. Anamuuza kuti anaitana anzawo awili a m'mphakati wa kutchalitchi kuti adzamve pamene iwo akuimba. Anakhala onse chete kudikila, nyimbo inafika pakati, inapitilila, inatha.

"Mwina ndinalakwitsa, mwanangu," anatelo osamuyang'ana. "Zala zakalamba. Anachita bwino kuchotsa, ndikanakuonongelani."

"Simunalakwitse, atate."

"Anthu a ku Lusaka amadziwa."

"Sadziwa kanthu!"

Anakuwa mwakuti amai ake anatuluka m'nyumba. Munthu uyu anaoloka malile ndi katundu pamutu zipolopolo zikulila, anamanga moyo pa dziko la eni, anapanga chigitala ndi manja ake kuchokela ku zotaya, ndipo lelo akupepesa chifukwa mnyamata wina wokhala pa mpando wozungulila wanena kuti ndi chitseko cha khola. Ennie anabwelela ku Nyimba akukukuta mano njila yonse.

Kelly anakonza zoti chimbale chikatsegulilidwe ku Petauke, pa bwalo la loji ina, Loweluka masana. Pa zithunzi zomata m'mitengo panali Teddy yekha ndi jekete yake, ndipo dzina la bandi linali m'munsi mwa tizilembo tofuna magalasi. Ennie anati sapita. Josphat ndiye anamunyengelela. Anati pa siteji palibe kompyuta, akaimba ndi manja awo, ndipo anthu akamva okha kusiyana kwake. Ennie anaona kuti ndi zoona. Anasintha nsambo, anapukuta besi yake, anakwela minibasi.

Anthu anabwela ambili, ena kuchokela ku Ndake pa njinga. Kuseli kwa siteji Ennie anakumana ndi Kelly koyamba. Anali munthu waulemu wake, wonunkhila bwino, womwetulila nthawi zonse, ndipo chimenecho chinamukwiyitsa koposa, chifukwa ankayembekezela munthu woipa nkhope.

"Amai Njobvu! Ndamva zambili za inu. Njila zanu za besi zija n'zanzelu kwabasi."

"Zikomo. Waya wanga ndilumikize pati?"

"Aa, musavutike. Nyimbo zonse zichokela pa laputopu. Inu mungokoleka gitala, muziyendetsa zala, muzimwetulila. A Josphat taika nsalu pa ng'oma zawo kuti zisasokoneze."

"Mukuti ndiziyelekezela kuimba?"

"Ndi mmene timachitila kulikonse, amai. Zimateteza ulemu wa oimba. Palibe kulakwitsa."

"Bambo Kelly, anthu awa amandidziwa. Ena ndimawaluka tsitsi. Mukufuna ndiime pamaso pawo ndiwanamize kuti ndikuimba nyimbo yanga yomwe, imene inu munaiba m'zala zanga n'kuiika m'makina?"

"Kuba ndi mawu aakulu, amai. Ine ndakuthandizani. Chimbale chija chinali chakuda."

"Chakuda ndi chiani? Thukuta lathu?"

Kelly anaseka mofatsa, namugwila paphewa, nati adzamvetsa akadzaona Teddy pa wailesi yakanema. Ennie anachotsa dzanjalo. Anatembenukila kwa Teddy, amene anali kukonza kolala pa galasi la galimoto.

"Iwe unadziwa?"

"Mlongo, chonde. Lelo lokha. Usandichititse manyazi."

Woyendetsa mwambo anawaitana maina, anthu anakuwa, ndipo atatuwo anakwela pa siteji. Ennie anakoleka besi paphewa. Waya wake unali lende, kumapeto kwake kutagona pa matabwa ngati mchila. Laputopu inayamba, ng'oma za kompyuta zinagunda, Teddy anagwila maikolofoni. Ennie anaika zala pa nsambo monga anauzidwa, ndipo anayang'ana m'gulumo. Kutsogolo kwenikweni kunali mkulu wa ku Ndake uja, atavula chipewa, akuyang'ana zala zake.

Anachotsa manja pa gitala. Anawapinda pachifuwa.

Besi inapitiliza kulila m'masipika, bwinobwino, yokha. Poyamba anthu sanazindikile. Kenaka mtsikana wina analoza, mnzake anaseka, kuseka kunafalikila ngati moto wa lupsa. Ennie anaima duu, nkhope ili gwa, manja ali pachifuwa, besi ikuyenda popanda woigwila. Josphat atamuona anaika timitengo take pansi mosamala, natulutsa kansalu, nayamba kupukuta m'khosi, ng'oma zikugundabe.

"Mizimu ikuimba!" anakuwa dalaivala wina.

"Tifuna chakuda chija!" anatelo wina kumbuyo. "Chotsani cha sopo!"

Teddy anayesa kupitiliza. Anatembenuka kuti aone chimene chikuseketsa anthu, ndipo potembenuka anachotsa pakamwa pa maikolofoni, koma mawu ake anapitilizabe kuimba. Apo ndiye bwalo linaphulika. Kelly anathamangila ku laputopu n'kuzimitsa, ndipo kunagwa bata loipa, lomveka nkhuku za kuseli kwa loji. Ennie ankaganiza kuti tsopano alumikiza mawaya aimbe zenizeni. Anawelama kutola waya wake. Koma Kelly sanabwele ndi ampulifaya ya besi n'komwe, ndipo ya Teddy yong'ambika ija inali itatsala ku Nyimba. Panalibe choimbila. Anthu anadikila, anang'ung'udza, anayamba kumwazikana. Teddy anatsika pa siteji akulila misozi yeniyeni, ndipo podutsa pa Ennie anangoti, "Wandipha."

Wina angaganize kuti Nyimba inamunyamula Ennie pamapewa. Sizinatelo. Madalaivala ndi ometa tsitsi anali kumbali yake, koma ambili anati ndi nsanje. Anati mwana wa kwathu wapeza mwayi wopita patsogolo, ndipo mkazi uyu wamukokela pansi pamaso pa alendo. Amai ena a kutchalitchi anamuuza kuti mkazi wosakwatiwa amakhala ndi mtima wotelo. Wina anafika ponena kuti anthu a ku Mozambiki sayamika. Ennie, wobadwila ku Ukwimi, amene ku Tete sanapondeko phazi! Makasitomala ena analeka kubwela. Achibale a Teddy ankamudutsa pamsika ngati sakumuona.

Ndipo chimbale chosambitsidwa chinayenda. Chinalowa pa wailesi monga Kelly ananenela. Teddy anasamukila ku Lusaka, anasiya dzina la bandi, anayamba kuoneka pa mafoni akuvina ndi atsikana pafupi ndi dziwe losambila. Njila ya besi ya Ennie inkalila m'maukwati kuyambila ku Chipata mpaka ku Livingstone, ndipo palibe amene ankadziwa kuti inabadwila m'kantemba kobiliwila. Ku Nyimba anthu anazolowela kunena kuti pali chakuda ndi chasopo, ndipo ana amene akukula tsopano amadziwa chasopo chokha. A Stanislaus anapachika babatoni m'nkhokwe yakale. Ennie akawapempha kuti aitsitse amati msana ukuwawa.

Ennie ndi Josphat sanaleke kuimba. Natasha, namwino uja, anapezeka kuti ali ndi mawu aakulu okanda pakhosi, ndipo anayamba kubwela ku shedi Lamlungu akakhala kuti sali pa nchito. Woimba gitala sanamupeze wokhazikika. Ampulifaya yong'ambika ija Teddy anaisiya, ndipo Josphat anaifunditsa thumba.

Patapita nthawi Teddy anabwela ku malilo a azakhali ake, ndipo malilo atatha anatulukila pa kantemba. Anali atanenepa. Anakhala pa benchi la odikila, nayamba kufunsa za umoyo wa aliyense mpaka Ennie anamudula.

"Nena chimene wabwelela."

Teddy anati wina anaika chimbale chakale pa intaneti, ndipo azungu ena a kunja amene amasakasaka nyimbo za loko za ku Afilika anachipeza. Anapenga nacho. Akufunsa za gitala yokalipa ija, za besi yotsalila, makamaka za chinthu cholila chokha pakati pa nyimbo yotsiliza. Chasopo anachimva, sanachifune.

"Ndiye a Kelly akuti upite ku Lusaka ukaimbe besi. Akuti ubwele ndi amdala ndi chigitala chawo. Tipange china chomveka ngati chija."

Ennie anaika chipeso pansi.

"Chitseko cha khola chija?"

"Mlongo, zinthu zimasintha."

"Sichinasinthe chilichonse, Teddy. Chigitala n'chomwecho, zala n'zomwezi. Anthu a ku Ndake anachikonda, simunamve. Madalaivala anachikonda, simunamve. Amai a ku Kacholola ankachiimba pamsewu, munati n'chakuda. Lelo wanena mzungu, ndiye makutu anu atseguka?"

"Ndi mwayi wa tonse."

"Pita ku Minga. Ukakhale pakhonde paja, ukawauze atate ndi pakamwa pako kuti sanalakwitse. Ubwele ndi a Kelly ako akanenenso. Mukatelo, bweletsani makina anu kuno, tikajambule ku shedi, tonse pamodzi, Josphat ali pa ng'oma zake. Ku Lusaka ine sindipita."

Teddy anati akalankhula ndi Kelly. Anatsanzika bwino, anakwela basi. Ku Minga sanapite.

Miyezi inadutsa. Tsiku lina m'mawa Ennie anakwela minibasi kupita ku Petauke kukagula tsitsi lolukila, ndipo atangotuluka m'tauni dalaivala anaika nyimbo yatsopano ya Teddy. Inayamba ndi kaphokoso, zzzz, ngati njuchi m'botolo. Ennie anadzuka m'maganizo ake. Gitala inalowa ikukalipa. Ng'oma zinkathamanga pang'ono, besi inkatsalila m'mbuyo. Koma inkatsalila mofanana paliponse, muyezo umodzi, ngati munthu wotsimphina mwadala kuti amupatse malo okhala. Kaphokoso kaja kankabwelela pamalo omwewo, kodulidwa n'kumatidwa. Denga linalila, m'situdiyo yopanda malata. Pakati pa nyimbo zonse zinaleka, ndipo panalila chinthu chonenepa mawu, chokhetemula, chopangidwa pa kiyibodi kuti chimveke ngati waya wa m'tayala. Pomaliza panalila mbuzi.

Mnyamata wokhala pambali pake anagwedeza mutu mokondwa. "Izi ndiye zakwathu zenizeni," anatelo.

"A dalaivala, imani."

"Amai, sitinafike. Kuno n'kuthengo."

"Ndati imani!"

Minibasi inaima m'mbali mwa msewu, pakati pa minda ya thonje. Ennie anadumpha miyendo ya anthu ndi matumba awo, natsika. Kondakitala anatulutsa mutu pa windo kufunsa ngati wadwala, ndipo amai ena anati mwina ndi mimba. Dalaivala analiza hutala kawili, anadikila pang'ono, kenaka ananyamuka, nyimbo ikumvekabe mpaka galimoto inazimilila pa chitunda. Ennie anamanga chitenje mwamphamvu, nayamba kuyenda wapansi kulowela ku Petauke, dzuwa likukwela, akulankhula yekha mokweza mwakuti anthu opalila m'minda ankaweluka kumuyang'ana.